Booth, tushoni, njinga ya madelivale kapena pisiweki: part-time iti imakusiyira kenakake mu Lusaka muno?

Mwana wa mlongo wanga wa ku Katete akukhala kwa ine kuno ku Mtendere, anabwera kudzachita kozi pa koleji ina m'tauni, makalasi ake ndi a m'mawa masiku atatu pa wiki, masiku enawo amangoti ndwii pa mpando ndi foni m'manja. Tsiku lina walowa m'nyumba mano onse panja ati amalume ndapeza nchito ya part-time, tsono zapezeka zitatu nthawi imodzi, nditenge iti? Ina inali ya mu booth ya mobile money, ina yophunzitsa ana awiri masamu ku Kabulonga, yachitatu inali ya mnzake amene amayendetsa njinga yamoto ya madelivale ndipo akufuna wosinthana naye madzulo. Ine ndinangofunsa kuti pa atatuwa ndani wakuuza nthawi yoweruka? Anangondiyang'ana. Onse anamuuza ndalama, za maola palibe anatchula.

Mu Lusaka muno ndakhalamo zaka zambiri ndipo ndisanapeze nchito ya pamwezi imene ndili nayo manje ndinadutsa mu zambiri za zimenezi, zina ndinazionera pafupi kwa abale ndi maneba. Chimene chimandinyansa ndi choti kuno munthu akati ndikulemba part-time, nthawi zambiri chimene wadula pakati ndi malipiro chabe, maola wawasiya athunthu. Ndiye ine ndikamayerekeza nchito izi sindiyambira pa ndalama imene atchula pakamwa, ndimayambira pa imene itsala ukachotsa ya basi ndi ya nkhomaliro, kenako ndimafunsa kuti katundu kapena ndalama ikasowa alipira ndani, komanso wotchi ili m'manja mwa ndani.

Poyamba tidziwe kaye chimene lamulo limanena, ngakhale ndikudziwa wina akuseka kale kuti malamulo amathera pa Cairo Road, mu Kanyama safika. Lamulo la nchito limene tikuyendera ndi Employment Code Act ya 2019. Wiki yathunthu ya nchito ndi maola 48, maola 8 pa tsiku, alonda ndiwo amafika 60. Part-time ndiye kuti maola ako ndi ochepera pamenepo. Ukadutsa 48 imeneyo ndi ovataimu, ola limodzi limalipidwa ngati ola ndi theka, pa holide ya boma kapena tsiku lako lopuma limalipidwa kawiri. Nchito ya miyezi 6 kapena kupitirira, kontrakiti iyenera kukhala yolembedwa. Kusunga munthu ngati casual, kutanthauza wa pisiweki, pa nchito yoti ndi yokhalitsa analetsa kuyambira 2015, ndipo casual weniweni amayenera kuwonjezeredwa 25 peresenti pa malipiro a pa ola chifukwa zina zimene anzake a pamwezi amalandira iye alibe. Pa kantemba ya neba zimenezi sudzazitchula, angokuuza kuti pita ukalembedwe ku boma, koma ukazidziwa umakhala ndi chopimira, umatha kuona kuti apa andidyera zingati.

Tiyambe ndi booth chifukwa ndi imene imapezeka msanga, ngodya iliyonse ya mu komboni pali ya Airtel, ya MTN, pena ya Zamtel, zitatu zinayi zogundana mapewa. Ambiri amatsegula cha m'ma 7 m'mawa n'kutseka cha m'ma 19, Mande mpaka Loweruka, werengani nokha, amenewo ndi maola 72 pa wiki, tsono part-time ili pati pamenepo? Fuloti, ndalama imene booth imayendera, ndi ya eni ake, komishoni imapita kwa eni ake, iwe umalandira kandalama kokhazikika pakutha kwa mwezi, koma shoti, ndalama imene yaperewera powerengera, ndi yako. Apa ndi pamene ana ambiri amalirira. Kubwera munthu wovala bwino akuonetsa meseji yabodza kuti ndatumiza kale, kubwera wina ndi ndalama yachinyengo madzulo kukuda, wina akusokoneza dala ndi chenje uku akukufunsa zinthu zitatu nthawi imodzi, kapena iwe mwini chala chaphonya nambala imodzi kumbuyo kuli mzere wa anthu akukukalipira. Tsiku limodzi loipa limatha kudya malipiro a mwezi wonse, ndipo ndinaonapo mtsikana wa pa neba akugwira mwezi wachiwiri asakulandira kanthu, akungobweza shoti. Onjezani kutentha kwa Okutobala mu kabokosi kaja, kuzizira kwa Juni, chimbudzi mpaka ukapemphe pa bala.

Koma sindinganene kuti booth ilibe phindu. Ikakhala pafupi ndi kwanu basi sukwera, nsima ukadya kunyumba, ndipo ndi sukulu yabwino ya bizinesi, ukakhalamo miyezi ingapo umadziwa kuti fuloti imayenda bwanji, masiku ati anthu amatapa kwambiri, malo ati ali ndi anthu, ena amachoka pamenepo n'kutsegula yawo ndi ndalama ya chilimba, ija yosonkherana mosinthana pa gulu. Booth imene ndingalole mwana wasukulu ndi ya kusinthana, iwe ulowa 16 koloko mpaka potseka kapena Loweruka ndi Sondo chabe, ndipo posinthana muwerenga fuloti ndi kashi nonse awiri, mulemba mu buku, musaina. Bwana akakana za buku, ameneyo akudziwa chimene akufuna.

Tushoni ndiye ine ndimaiika patsogolo, kwa amene mutu wake ulola. Kapito sufuna, katundu woti angabedwe palibe, ndipo ola likatha latha, mwana nayenso amakhala atatopa. Ukawerengera pa ola palibe ina pa zonsezi imene imafikapo, makamaka masamu ndi masayansi, makolo a kumayadi pa masamu amatulutsa ndalama osakokakoka. Vuto lake ndi la nyengo. Mayeso akayandikira foni imalira mpaka umakana ena, a GCE, mayeso a obwereza Giredi 12, pakati pa chaka, a Giredi 12 cha mu Okutobala ndi Novembala, ikangotha pepala yomaliza kuli zii, Disembala ndi Januwale ulibe ngakhale mmodzi, nthawi imene ndalama ikufunika kwambiri. Kumbukirani 2024 kolera itavuta, masukulu anachedwa kutsegula mpaka pa 12 Febuluwale, amene ankadalira tushoni anaona zakuda. Mpikisano uliponso, boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022 koma amene anamaliza makoleji n'kumadikirabe alipo ambiri ndipo onsewo ali mu tushoni, iwe wa Giredi 12 chabe uyenera kukhala ndi mbiri yoti mwana wa uje anakhoza chifukwa cha iwe. Silabasi nayo yasintha, kuyambira 2025 kwabwera za Form 1, usapite ndi manotsi a nthawi yako osafunsa buku limene mwana akugwiritsa.

Mu tushoni momwemo muli njira ziwiri ndipo sizifanana. Kupita kunyumba kwa mwana kumayadi amalipira bwino koma mtunda ndi umene umagamula. Kuchoka kuno ku Mtendere kupita ku Kabulonga kapena Ibex Hill ndi miyendo chabe, koma wa ku Matero kapena George ayenera kukwera mpaka m'tauni, atsike, akwerenso ina, pobwera chimodzimodzi, mabasi anayi pa ola limodzi la kuphunzitsa, ndipo madzulo pa siteshoni mzere umaudziwa. Tinene kuti akupatsa K100 pa tsiku, mabasi anayi adya theka kapena kupitirira, maola atatu athera pamsewu, ndiye kuti ola lija silinali ola. Njira ina ndi kusonkhanitsa ana a mu komboni mwako asanu kapena asanu ndi atatu pa khonde, aliyense alipira pang'ono, transipoti ziro, koma kutolera kwake ndi nkhondo, mayi wina akuti bambo ake sanalandire, wina akuti mawa, ndipo ndi maneba, sungathamangitse mwana pamaso pa anzake. Ine ndimati theka patsogolo mwezi usanayambe, kumayadi ndi mu komboni chimodzimodzi, chifukwa olemera nawonso amaiwala, mwina kuposa osauka. Kwa atsikana opita m'nyumba za eni, phunzitsirani pa balaza kapena pa khonde pamene anthu akudutsa, ndipo wina kunyumba adziwe geti imene mwalowa.

Manje za njinga yamoto ndi galimoto, izi ndi zimene anyamata amazikonda chifukwa zimaoneka bwino, chisoti kumutu bokosi kumbuyo, foni pa hendulo. Chiyambireni ma app monga Yango ndi Ulendo nchito imeneyi yachuluka ndipo ubwino wake weniweni ndi umodzi, wotchi ili m'manja mwako, ukafuna uyatsa app ukatopa uzimitsa, ndalama uiona tsiku lomwelo. Koma zimenezo ndi za amene njinga kapena galimoto ndi yake. Ikakhala ya wina pali cashing, ndalama imene mwini wake amafuna pa tsiku kapena pa wiki kaya kunali makasitomala kaya kunalibe, app nayo itenga gawo lake, mafuta ndi ako, ndipo mtengo wa mafuta ERB, bungwe la boma loona za mafuta ndi magetsi, imaulengeza mwezi ndi mwezi ndiye sungapange bajeti ya chaka. Ukawerengera bwino, maola oyamba onse umagwirira mwini njinga ndi pa filling station, ako amayamba pamene thupi latopa, ndiye munthu wa maola anayi chabe madzulo nthawi zambiri amaweruka pamene ndalama yake imati iyambe. N'chifukwa chake ndimati nchito iyi imakomera wa tsiku lonse, wa part-time imamupsinja.

Palinso zimene mnzako sakuuza pokupatsa makiyi. Laisensi ya ku RTSA, bungwe la za pamsewu, uli nayo ya mtundu woyenera? Inshuwalansi ikudziwa kuti oyendetsa ndinu awiri? Akaunti ya pa app ili m'dzina la ndani, chifukwa ikakhala ya mnzako tsiku la vuto iwe kulibe pena paliponse. Ukagwa pa Great East Road kapena minibasi ikakukolopola pa Kafue roundabout, njinga akonza ndani, mwendo wako alipira ndani? Nthawi ya mvula misewu ina ya ku Kanyama imasanduka dambo, chakudya cha kasitomala chikafika chozizira nyenyezi zako za pa app zitsika. Amene ali pa nchito kale ndipo ali ndi kagalimoto kake, kuyatsa app Lachisanu madzulo ndi pa wikendi kumathandiza pa mafuta, zoona, koma asamadzinamize kuti yonse ndi phindu, matayala ndi mashoko akulemba nkhongole mwakachetechete.

Nchito ya m'nyumba ndiyenera kuikhalira pang'ono chifukwa apa ndi pamene ndinaona part-time ikupambana nchito ya mwezi wathunthu. Mu Januwale 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa a wogwira nchito m'nyumba pa K1,300 pa mwezi, ndipo tonse tikudziwa kuti alipo amene ngakhale imeneyo safikapo, makamaka ogonera konko, amene amadzuka oyamba n'kugona omaliza. Amayi ena a pa mpingo pathu anasiya zimenezo, manje ali ndi nyumba zitatu, ina Mande ndi Lachinayi, ina Lachiwiri, ina Loweruka, kuchapa, kusita, kukolopa, alandira pa tsiku asanatuluke pa geti. Akaphatikiza pa mwezi imaposa imene ankalandira kwa madamu mmodzi, masiku ena ali kunyumba ndi ana awo, ndipo nyumba imodzi ikayambana nawo ziwiri zatsala, sagona ndi njala. Azibambo osamalira maluwa ndi kapinga ambiri akuchitanso chimodzimodzi. Choipa chake n'choti ukadwala palibe akulipira, madamu akapita ku holide tsiku lako lafa, ndipo pali kachizolowezi kena kosunga zonse kudikira tsiku lako, zovala za wiki yonse, mabulangete, makatani, mapoto a dzana, nchito ya masiku atatu aiunjika pa tsiku limodzi mtengo womwewo. Amayi aja anaphunzira kunena poyamba pomwe kuti mabulangete ndi makatani mtengo wake ndi wina, ndipo 15 koloko ikakwana achoka.

Pisiweki ya pa site, kukanya daka, kunyamula mabuloko ku Chalala, Silverest kapena Meanwood kumene nyumba zikumera ngati bowa, kapena kukankha Zamcab, wilibala ya katundu, pa msika wa Soweto, imeneyo ndi ya tsiku limene m'nyumba mulibe ngakhale pamela, kapaketi kakang'ono ka ufa. Imalipira lero lomwe ngati foromani ali ndi mtima, kapito yake ndi msana wako, ndipo msana sagulitsa pa Kamwala. Chokhacho chimene ndingauze mnyamata amene ali kumeneko n'choti aziyang'anitsitsa manja a bilikileya, daka boy amene waphunzira kuyala mabuloko kapena kupaka pulasitala mtengo wake umasintha, amene akungonyamula adzanyamula mpaka kale.

Kenako pali za m'mashopu ndi za nyengo. Disembala mashopu akuluakulu a ku Manda Hill, East Park, Levy ndi kwina amawonjezera anthu, nthawi ya Show ya zaulimi ndi zamalonda kumayambiriro kwa Ogasiti makampani amafuna ma promoter pa Showgrounds, pa wikendi pali maukwati, ma kitchen party, chilanga mulilo, ofuna operekera zakudya, okongoletsa, otsuka mbale. Palinso zoyenda ndi tabuleti kufunsa anthu mafunso, monga kalembera wa 2022 amene analemba achinyamata ambiri dziko lonse, ndi mabungwe ena amene amachita kafukufuku. Izi ndalama yake si yoti ungadalire, zimabwera n'kupita, ndipo zambiri zimadutsa kwa ejenti ndiye umaimirira masiku asanu n'kudikira malipiro mawiki angapo. Ine ndinagwirapo ya promoter pa kampani ina, tinaimirira padzuwa ndi matisheti awo, ndalama inabwera patapita miyezi iwiri titayamba kale kuiwala, atadulanso ya tisheti. Za maukwati funsa nthawi yomaliza ndi transipoti, chifukwa phwando likatha 23 koloko mabasi a ku Chawama kulibe ndipo takisi idya zonse zimene wagwirira. Komabe pa zonse zimene ndatchula, izi ndi zimene zimakupatsa pepala, kalata ya umboni yoika pa CV, dzina la supavaiza amene angakuyankhire foni. Kwa mwana amene akufuna kudzalowa nchito ya mu ofesi, kapepala kameneko nthawi zina kamaposa ndalama imene walandira, ambiri amene ali pa till lero analowa ngati a Disembala.

Ena amati bwanji osangogulitsa zako? Kusankha salaula yabwino pa Soweto m'mamawa, kuchapa, kusita, kuika pa status ya WhatsApp, kapena kuoda nsapato ndi mafuta odzola ku Kamwala ndi pa COMESA, kapena vitumbuwa, mazira, nkhuku za wiki 6 kuseri kwa nyumba ngati alandilodi alola. Apa palibe wokuuza nthawi, phindu ndi lako, loss ndi yakonso, ndipo bola loss imene wadzipangira wekha kusiyana ndi shoti ya fuloti ya wina. Koma anthu amaiwala kuti imafuna kapito, ndipo kapito ya kaloba, nkhongole ya katapila, musayerekeze, chiwongoladzanja chimathamanga kuposa nsapato zako. Chimene chimapha mabizinesi ang'onoang'ono awa ndi nkhongole za pa month end, mnzako wa mu ofesi watenga diresi, wavala, wajambulitsa, tsiku lolipira akukupewa pa kolido. Za kuyala pamsewu m'tauni nazonso sizilinso ngati kale chichotsereni mavenda mu Julaye 2023, ndiye ambiri akugulitsira pa foni, kutanthauza kuti bando ndi delivale zilowe mu mtengo.

Za pa intaneti ndidutsa msanga. Zenizeni zilipo, kutaipira anthu, kukonza ma CV, kupanga maposita, kuyendetsa tsamba la Facebook la shopu kapena saluni, koma zimafuna luso, laputopu ndi malaiti, ndipo 2024 madzi atachepa ku Kariba tonse tinaona mmene malaiti ankabwerera pakati pa usiku n'kupita tisanadzuke. Zinazo za meseji yoti landira ndalama pa tsiku pongodina mavidiyo, kapena nchito yoti uyambe walipira ya fomu, ya yunifomu, ya medical, amenewo ndi akuba basi. Iwe ndiwe ukufuna ndalama, nanga bwanji uyambe ndi iwe kutumiza?

Chinthu chimodzi chimene ine sindinkachilabadira ndili mnyamata ndipo lero chimandiwawa ndi NAPSA, thumba la penshoni la dziko lonse. Wolembedwa nchito amadulidwa 5 peresenti, bwana awonjezera 5 ina, NHIMA, inshuwalansi ya kuchipatala, ndi 1 peresenti uku 1 uku, ndipo zimenezi si za ovala mataye okha, ngakhale wa nchito ya m'nyumba ayenera kulembetsedwa. Penshoni ya mwezi ndi mwezi imafuna miyezi 180 yosonkha, zaka 15 zimenezo. Mu 2023 boma litalola kutapako 20 peresenti ya zimene unasonkha linati ukhale utasonkha miyezi 60 kapena utakwanitsa zaka 45, anzanga amene anayamba nchito ya pamwezi msanga anatapa, ena anagula maplot, ine nditaona pa eNAPSA zaka zanga zonse za pisiweki kunalibe ngakhale mwezi umodzi. Ndiye part-time imene ili ndi payslip ndipo akudula NAPSA musamaione ngati yakuberani, imeneyo ili ndi kanthu kamene booth ndi njinga zilibe, bola muziona ndithu pa foni kuti ndalamayo ikufikadi. Za msonkho wa PAYE ambiri a part-time sizikukhudzani, mu 2024 unkayambira pa opitirira K5,100 pa mwezi.

Komanso tisanamizane, palibe part-time pa zonsezi imene ingasunge banja yokha mu Lusaka. A JCTR amene amawerengera mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu, mu 2024 chiwerengero chawo cha Lusaka chinadutsa K10,000 pa mwezi. Part-time malo ake ndi kuthandizira, mwana wasukulu apeze ya basi ndi bando, mayi wa mwana wamng'ono agwireko osamusiya tsiku lonse, wodikira nchito asakhale manja lende, wopuma pa nchito asangokhala. Amene muli kale pa nchito ya pamwezi ndipo mukufuna ya pambali, manesi amene amakagwira ma locum, mashifiti a pambali, m'makiliniki, aphunzitsi a madzulo m'makoleji, yambani mwawerenga kontrakiti yanu ngati ikulola, ndipo yang'anani thupi, akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ndinali ndi mnzanga amene ankagona pa desiki chifukwa usiku anali pa stelingi, anataya ya masana imene inali ndi penshoni chifukwa cha ya usiku imene inalibe kanthu. Ya pambali yabwino ndi imene ungaisiye wiki imodzi osayambana ndi munthu.

Ndiye mukandifunsa kuti ndiziike motani, kwa wasukulu tushoni yapafupi ndi kwanu ili pamwamba, ikatsatira ya mu shopu kapena ya kafukufuku chifukwa cha pepala, booth pokhapokha ikhale ya kusinthana ndi buku, njinga ya wina ayi. Kwa mayi wa ana, masiku m'nyumba zingapo kapena kugulitsa zako, malinga ndi kuti kapito ilipo kapena ayi. Kwa amene ali ndi galimoto yake, app pa wikendi, koma aziika ya matayala pambali.

Mphwanga uja mtima wake unali pa njinga, ndinauona. Ndinamuuza kuti chabwino, imbira amayi ako ku Katete uwauze wekha kuti usiku uzikhala pa Great East Road ulibe laisensi, akavomera ine ndilibe mawu. Sanaimbe. Anatenga ya ku Kabulonga, Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka m'mawa, amapita wapansi kudutsa pa msika, ndipo za theka patsogolo anachita manyazi kunena, ati amalume anthu ake ndi aulemu, geti yake ndi yamagetsi. Mwezi woyamba anamulipira pa 9 atakumbutsa kawiri. Anagula shuga ndi buledi wa m'nyumba, anatumizira amayi ake ya sopo, yotsala yonse inapita ku bando. Manje akuti mwana wa neba wa nyumba ija nayenso masamu akumuvuta, ndiye akufuna awaphatikize tsiku limodzi, ndipo dzulo ndinamupeza akufunsa mnzake uja kuti laisensi ya njinga ku RTSA imatenga masiku angati.